KAVALO WA ABASOTHO: MBEWU IMENE INASUNGIKA M'MAKOLA A MABANJA

Munthu woyenda pa mseu waukulu wocokera ku Lusaka kupita ku Kafue, akapitirira Chilanga nafika pa Shimabala, amaona ziweto zimene mlimi aliyense wa m'Zambia amazidziwa bwino: ng'ombe zili pa msipu, mbuzi zili kudya m'mbali mwa njanji, ndi ngolo ya ng'ombe ziwiri itasenza matumba a cimanga. Ciweto cimodzi cokha sicioneka pakhomo pa munthu wamba, ndico kavalo. Akavalo alimo ndithu m'dziko muno, koma amapezeka m'mafamu akuluakulu, kwa anthu ocita masewera a polo ku Lusaka ndi ku Mazabuka, ndiponso kwa apolisi okwera akavalo.

Maina eni eni a ciwetoci aonetsa kuti ndi mlendo. Dzina lakuti kavalo linacokera kwa Apwitikizi, monganso dzina la bulu, ndipo dzina lina lakuti hachi linabwera ndi anthu amene anakagwira nchito kumwera. Makolo sanaweta akavalo pa zifukwa ziwiri zazikulu. Coyamba ndi nchenche ya kashembe, imene matenda ace amapha kavalo msanga kuposa ng'ombe. Caciwiri ndi nthenda ina ya akavalo yofalitsidwa ndi tizilombo touluka tating'ono kuposa udzudzu, timene timaluma madzulo ndi usiku m'nyengo ya mvula. Mbidzi zimakhala nayo nthendayi osadwala kwenikweni, koma mwa akavalo khumi osalandira katemera ikhoza kupha asanu ndi anai. M'zaka za 1854 ndi 1855 inapha akavalo pafupifupi 70,000 ku Cape. Ncifukwa cace David Livingstone, paulendo wace wocokera ku dziko la Makololo kupita ku Luanda, anakwera ng'ombe yofula yochedwa Sinbad, ndipo azungu a Boma amene anadza pambuyo pace anayenda m'macila ndi pa njinga.

Koma kumwera kwa Afirika kuli dziko limodzi kumene kavalo ndi ciweto ca munthu wa pamudzi, wosauka ndi wolemera yemwe. Dzikolo ndi Lesotho, lozingidwa mbali zonse ndi South Africa, laling'ono kuposa cigawo ca kum'mawa ca Zambia. Ndi dziko la mapiri okhaokha. Malo ace otsikitsitsa ali pa mamita pafupifupi 1,400 pamwamba pa nyanja yamcere, ndiye kuti cigwa ca Lesotho cili pamwamba kuposa mzinda wa Lusaka, ndipo phiri lace la Thabana Ntlenyana lifika mamita 3,482. Kumeneko kulibe kashembe, ndipo kuzizira kwa mapiri sikulola tizilombo toluma tija kuswana monga ticitira m'zigwa zotentha. Pa cizindikiro ca Boma la dzikolo pali cishango cokhala ndi ng'ona, ndipo cishangoco cagwiridwa ndi akavalo awiri. Mbiri ya akavalo amenewa ili ndi kanthu kouza mlimi aliyense amene ali ndi khola, ngakhale amene sanakhudzepo cishalo.

Mmene kavalo anakwerera mapiri

Ngakhale ku Lesotho kavalo anafika ngati mlendo. M'caka ca 1653 kampani ya Adachi imene inamanga malo ace ku Cape inalandira akavalo oyamba ocokera ku cisumbu ca Java. Pambuyo pace anadza ena a ku Persia ndi Arabia, kenaka a mpikisano a ku England, ndipo mwa kusakanizika kwa onsewa munabadwa mtundu wochedwa kavalo wa ku Cape. Amene anamuonetsa kwa Abasotho sanali abwenzi. Anali magulu a Akorana ndi Agriqua, amene ankadza pa akavalo ali ndi mfuti kudzalanda ng'ombe.

Nthawiyo inali ya cipwirikiti cacikulu, comweco cimene cinathamangitsa Angoni a Zwangendaba kufikira anaoloka Zambezi m'caka ca 1835, ndi Makololo a Sebetwane kufikira analowa m'dziko la Alozi. Ndico cifukwa cace Cilozi ca lero cimamvana kwambiri ndi Cisotho. Mfumu Moshoeshoe sanathawire kutali. M'caka ca 1824 anakwera ndi anthu ace pa phiri lathyathyathya la Thaba Bosiu, nasonkhanitsa otsala a mafuko obalalika kukhala mtundu umodzi. Mbiri imanena kuti kavalo wace woyamba anampatsa ndi Moorosi, mfumu ya Abaphuthi, ca m'ma 1829. Moshoeshoe anazindikira msanga kuti munthu wa mkondo woyenda pansi sangalimbane ndi munthu wa mfuti wokwera kavalo. Motero anthu ace anayamba kusonkhanitsa akavalo mwa njira iriyonse: ena anawalanda kwa adani, ena anasinthanitsa ndi ng'ombe ndi mapira, ndipo anyamata opita kukagwira nchito m'mafamu a Mabunu ankapempha kuti malipiro ao akhale kavalo.

Mfumuyi inali ndi mwambo wochedwa mafisa, wofanana ndi kuikiza ziweto kumene alimi a kuno amakudziwa: mfumu imapereka ng'ombe zace kwa munthu wosowa kuti aziziweta ndi kumwa mkaka wace, ng'ombezo zikhalabe za mfumu. Akale anati kupatsa nkuika. Mwa njira yotere cuma ca ziweto sicinaunjikane pamalo amodzi koma cinalowa m'midzi yambiri, ndipo akavalo naonso sanakhale a mafumu okha. Pamene Moshoeshoe anamwalira m'caka ca 1870, kukwera kavalo kunali kutasanduka cizolowezi ca amuna a mtundu wonse.

Cimene cinasandutsa kavalo wa ku Cape kukhala kavalo wa Abasotho ndico dziko lenilenilo. Akavalowa sanamangiridwe nyumba, sanapatsidwe cakudya ca m'matumba, sanavekedwe zitsulo ku ziboda. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene cipale cofewa cimakuta mapiri ndipo udzu umauma ndi cisanu, anadzifunira okha cakudya. Wa miyendo yaitali yopyapyala anathyoka m'matanthwe, wofuna cakudya cambiri anafa ndi njala, ndipo amene anatsala kuti abereke anali wamfupi, wa cifuwa cacikulu, wa miyendo yolimba ndi ziboda zouma ngati mwala. Kavalo wa Abasotho kawirikawiri safika mita imodzi ndi theka paphewa. Amatsika njira ya phiri imene munthu woyenda pansi amatsika cogwira ndi manja, ndipo mwini wace wanzeru amangomlekerera cingwe kuti adzisankhire yekha popondapo. Ambiri a iwo ali ndi kayendedwe kao kochedwa tripple, kofulumira kuposa kuyenda koma kosagwedeza wokwerapo, kotero kuti munthu akhoza kukhala pa cishalo tsiku lonse osathyoka msana.

Pa nkhondo akavalowa anadzionetsa. M'mwezi wa Disembala 1852, pa phiri la Berea, asilikali a Angerezi otsogozedwa ndi Sir George Cathcart anakumana ndi Abasotho zikwi zingapo okwera akavalo, ndipo anabwerera osafika pa Thaba Bosiu. M'zaka za 1880 ndi 1881 Boma la ku Cape linafuna kulanda mfuti za Abasotho, koma linalephera, ndipo m'caka ca 1884 dzikolo linacotsedwa m'manja mwa Cape ndi kuikidwa pansi pa Boma la ku London. Pamene pambuyo pace maiko ozungulira anaphatikizidwa kukhala South Africa, Basutoland anatsala payekha, kufikira analandira ufulu pa 4 Okutobala 1966.

Ndalama zinacita cimene nkhondo inalephera

Kuchuka kumeneku ndiko kunadzetsa tsoka. Pa nkhondo ya Angerezi ndi Mabunu ya 1899 kufikira 1902, akavalo obwera pa sitima za pamadzi kucokera ku England ndi maiko ena ankafa ambirimbiri, pakuti sanazolowere udzu, matenda ndi maulendo a dziko lacilendo. Akuluakulu a asilikali anatembenukira ku Basutoland ndi matumba a ndalama. Olemba mbiri ambiri amachula nambala yofika 30,000 ya akavalo amene anaturuka m'dzikomo m'zaka zimenezo. Ambiri a iwo anafera ku nkhondo.

Nambala yokhayo siinena zonse. Wogula kavalo wa nkhondo sagula wopunduka kapena woonda. Amasankha wamphamvu, wa msinkhu wabwino, wa mano athunthu, ndipo mtengo umene ankapereka unali woti munthu wa kumudzi sanauonepo. Banja lirilonse linacita cimene cinaoneka canzeru tsiku limenelo: linagulitsa kavalo wace wopambana. Palibe amene anganene kuti anthuwo anali opusa, pakuti panali msonkho wofunika kulipira, ndiponso ng'ombe zao zinali zitangotha ndi mliri wa rinderpest wa 1896 ndi 1897. Koma mabanja onse atacita cimodzimodzi, mtundu wonse unapezeka kuti wadya mbewu. M'makola munatsala akavalo amene ogula anawakana, ndipo amenewo ndiwo anakhala makolo a m'badwo wotsatira. Monga ngati izi sizinakwane, m'caka ca 1902 kunagwa cipale cofewa coopsa cimene cinapha ambiri mwa otsalawo.

Anthu a ku Chipata adzakumbukira pano zimene zinagwera makolo ao pa nthawi yomweyo. M'mwezi wa Januwale 1898 asilikali a Angerezi anagonjetsa Angoni a Mpezeni, nalanda ng'ombe zikwizikwi. Koma wolanda amakusa zonse pamodzi, zabwino ndi zoipa, ndipo zimene zapulumuka zimafanana ndi zimene zatengedwa. Wogula ndiye amasankha, ndipo khola likhoza kuonongeka ndi iye mwini wace ali kusekera.

Boma la Angerezi ku Basutoland linayesa kukonza zinthu mwa kubweretsa akavalo amphongo a mitundu ya Arab ndi Thoroughbred kuti azikwera akavalo akazi a m'midzi. Ana ao anabadwa aatali ndi okongola, koma ambiri anali cikomekome ca nkhuyu, pakuti kavalo wobadwira kuthamanga pa bwalo losalala, namadya cakudya cothiridwa m'mbale, sanathe kupirira nyengo yozizira ya ku mapiri. Pakati apo anthu ndi ziweto anacuruka, msipu unacepa, nthaka inakokoloka. Pofika zaka za m'ma 1940, odziwa za akavalo ankanena poyera kuti kavalo weniweni wa Abasotho ali pafupi kutha.

Maboma awiri afunafuna mbewu

Oyamba kucitapo kanthu anali a unduna wa zaulimi ku South Africa. M'caka ca 1952 anayamba kuweta akavalo a mtunduwu pa malo ofufuza zaulimi a Nooitgedacht, pafupi ndi tauni ya Ermelo. Cofunika kudziwa ncakuti Boma linalibe mbewu yaceyace. Akavalo oyambira nao, amene anali owerengeka cabe, linakawagula kwa mabanja a alimi amene kwa zaka zambiri anasunga mtundu wakalewo m'mafamu ao pamene anansi ao anali kuthamangira akavalo a kunja. Pakanapanda kuuma mtima kwa mabanja amenewo, akatswiri akanakhala ndi mabuku ndi makola opanda kanthu.

Pa Nooitgedacht kusankha kunali kopanda cisoni. Mwana wa kavalo aliyense ankayesedwa thupi, kayendedwe ndi mtima wace, ndipo ambiri ankacotsedwa kuti asabereke. Kavalo waukali, woluma kapena woponda anthu, sankasungidwa ngakhale akhale wokongola cotani. Akavalo atacuruka, Boma linawabwezera kumene anacokera: m'caka ca 1967 anagawidwa kwa alimi kuti ayambe makola asanu ndi atatu oberekera, eni makolawo anapanga bungwe lao, ndipo m'caka ca 1976 kavalo wa Nooitgedacht analembedwa monga mtundu wa dzikolo woima paokha. Kuyambira pamenepo mtunduwu uli m'manja mwa alimi oweta paokha.

Ku Lesotho kwenikweniko nchito inayamba mocedwerapo, ndi thandizo la dziko la Ireland. M'caka ca 1978 kunatsegulidwa khola la Boma loberekera akavalo ku Thaba-Tseka, pakati pa mapiri. Anchito ace anayenda m'midzi kufunafuna akavalo amene anali akali ndi maonekedwe a makolo ao, nawalemba m'kaundula. Anabweretsanso amphongo owerengeka a mtundu wa Connemara. Pa ici anthu akhoza kutsutsana, pakuti kuthira magazi acilendo ndiko kumene kunalephera kale. Koma a ku Ireland anali ndi cifukwa comveka. Connemara si kavalo wa mpikisano. Ndi kavalo wamfupi wa dziko la miyala, mvula ndi mphepo kumadzulo kwa Ireland, kumene mabanja osauka ankasunga kavalo wamkazi mmodzi wolima, wosenza katundu ndi wobereka mwana wogulitsa caka ndi caka. Mtundu umenewonso unatsala pang'ono kuonongeka ndi kusakaniza kosasamala, kufikira eni ace anapanga bungwe louchinjiriza m'caka ca 1923. Anthu amene anadza ku Thaba-Tseka anali atadwalapo nthenda yomweyo.

Colinga ca khola la Boma cinali kuturutsa amphongo abwino oti akagwire nchito m'midzi, ndi kupezera eni akavalo msika. Cifukwa ca ici m'caka ca 1983 kunatsegulidwa malo ena pa Molimo Nthuse, pa mseu wocokera ku Maseru kukwera ku mapiri, ogulitsirapo akavalo ndi kukwezapo alendo odzaona dziko. Dzina la malowo litanthauza kuti Mulungu ndithandizeni, ndipo amene anakwerapo mseu umenewo sadabwa nalo. Thandizo la Ireland pa nchitoyi linafika pakutha monga amathera mathandizo onse, ndipo akavalo a dzikolo ali kumene anali kuyambira masiku a Moshoeshoe, m'makola a miyala a mabanja a kumapiri.

Nchito ya banja loweta mbewu

Kuweta akavalo a mbewu ndi nchito ya munthu woleza mtima. Kavalo wamkazi amakhala ndi bere miyezi 11, nabala mwana mmodzi. Mwanayo sayenera kusenza munthu kufikira atakwana zaka zitatu kapena zinai, ndipo ubwino wa kavalo wamphongo sudziwika kufikira ana ace atakula nayesedwa pa njira. Ndiye kuti munthu amene asankha mphongo lero adzadziwa ngati anasankha bwino patapita zaka zisanu kapena kuposa. M'moyo wace wonse mlimi mmodzi aona mibadwo yowerengeka cabe ya akavalo. Ici ndico cifukwa cace nchito yotere imayenda bwino m'banja kuposa mu ofesi, kumene wanchito amasamutsidwa asanaone zidzukulu za kavalo amene anamsankha. Pabanja mwana amakula akumva atate ace ndi agogo ace akuchula kuti kavalo uyu anabadwa kwa uje, amace anali wofatsa, agogo ace anali ndi ziboda zosweka, ndipo kaundula wotere sadyedwa ndi ciswe.

Zimene banja lotere limafuna sizambiri. Lifuna kavalo wofatsa, woti mnyamata wamng'ono kapena mai wopita ku cipatala ndi mwana kumsana akhoza kumkwera. Lifuna ziboda zolimba, pakuti kumapiri wosula zitsulo za akavalo sapezeka pafupi. Lifuna kavalo woturuka m'nyengo yozizira ali ndi mnofu, ndi wamkazi wobereka kawirikawiri wosavutika. Msinkhu ndi maanga zimadza pambuyo. Liyeneranso kusintha mphongo ana ace akazi asanakule, kuopa kuti angakwere ana ace omwe, ndipo apa mpamene banja limodzi silingaime palokha: liyenera kubwerekana amphongo ndi mabanja a kutsidya kwa phiri. Koma lamulo lovuta koposa ndi lija linathyoledwa m'caka ca 1900, lakuti wopambana m'khola sagulitsidwa, ngakhale wogula achule mtengo wotani.

Lamulo lotere silisungika ndi mimba ya njala, ndipo pa ici alendo odzaona dziko athandizapo. Ku Malealea, kumwera kwa Maseru, alendo amagona pa nyumba ya alendo, koma akavalo amene amakwera ndi a anthu a m'midzi yozungulira. Eni akavalowo ali ndi bungwe lao, amabwereketsa ziweto zao mosinthana, ndipo anyamata a m'midzimo ndiwo amatsogolera alendo pa maulendo a maora ocepa kapena a masiku angapo. Kavalo wabwino amene akanagulitsidwa kamodzi amabweretsa ndalama caka ndi caka ali m'khola la mwini wace. Mabvuto alipo ndithu. Akuba ziweto amasautsa kwambiri midzi ya m'malire, msipu ndi wocepa, ndipo akavalo ambiri amayenda ndi zilonda pamsana cifukwa ca zishalo zakutha. Miseu yatsopano yalowetsa mabasi kumene kale kunkafika kavalo yekha. Komabe midzi yambiri ikali kutali ndi mseu, ndipo thumba la ufa limafikako pamsana pa kavalo kapena bulu.

Ng'ombe za makolo a kuno

Alimi a ku Shimabala, a m'madambo a Kafue ndi a kum'mawa alibe akavalo a makolo, koma ali ndi ng'ombe za makolo, zimene dziko lino linaziumba monga mapiri anaumbira kavalo uja. Kum'mawa, ku Chipata, Katete ndi Lundazi, kuli ng'ombe ya Angoni, ya nyanga zazifupi ndi linunda, imene abale ace ali ku Malawi ndi ku Angonia m'dziko la Mozambique. Kumwera kuli ng'ombe ya Atonga, ndipo kumadzulo kuli ya Alozi, yaikulu ya nyanga zazitali, yozolowera cigwa ca madzi osefukira. Zonsezi zimapirira nkhupakupa, dzuwa ndi udzu wouma wa mwezi wa Okutobala kuposa ng'ombe za kunja. M'zaka za m'ma 1970 akatswiri a pa malo ofufuza za ziweto ku Mazabuka anayerekeza ng'ombe za Angoni, za Alozi ndi za Boran, napeza kuti ya Angoni, ngakhale ndi yaing'ono thupi, siitsalira pa kubereka.

Njira zimene ng'ombezi zimatayikira ndi zomwe zija za ku Basutoland. Thole lalimuna lokula msanga ndi lamphamvu ndilo limayamba kufulidwa kuti likakoke pulao ndi ngolo, kapena limatengedwa ndi wogula wa ku butchala, ndipo nkhunzi yotsala kukwera ng'ombe za mudzi wonse imakhala ija inakanidwa pa goli. Kwina nkhunzi ya Brahman kapena mtundu wina wa kunja imalowa m'khola popanda wofunsa ngati ana ace adzapeza dibi ndi cakudya cimene amafuna. Kusakaniza kocitidwa mwa dongosolo kuli ndi phindu lace, ndipo alimi a malonda amakudziwa, koma kumafuna kuti kwinakwace kukhale anthu osunga mtundu weniweni wosasakaniza. Matenda a denkete, amene anayamba kupulula ng'ombe kumwera kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, anaonjezera bvuto, pakuti mlimi amene khola lace latha amadzazamo ng'ombe iriyonse imene waipeza.

Anthu a kutali amadziwa mtengo wa mbewu zotere. Ku Zimbabwe, m'zaka za m'ma 1940, mlangizi wa zaulimi Len Harvey anasonkhanitsa ng'ombe za anthu a m'midzi ya kumwera kwa Gwanda, nasankha zopambana, ndipo mwa izo munaturuka mtundu wa Tuli. M'caka ca 1988 akatswiri a ku Australia anadza kudzatenga mbewu ya Tuli ku Zimbabwe ndi ya Boran m'makola a ku Zambia, naiika m'mimba mwa ng'ombe zina pa zisumbu za Cocos, ndipo mathole obadwawo analowa m'Australia m'caka ca 1990, kuti akathandize ng'ombe za kumeneko kupirira kutentha ndi nkhupakupa.

Ku Lesotho mayeso a mbewu amacitika poyera. Pa Semonkong, tauni ya kumapiri yoyandikana ndi mathithi a Maletsunyane, amene madzi ace amagwa mamita 192, kumacitika mipikisano ya akavalo m'miyezi yozizira, ndipo waukulu koposa umakhala wa cikondwerero ca kubadwa kwa Mfumu Letsie III, amene anabadwa pa 17 Julayi. Amuna amafika kucokera ku midzi yakutali atafunda mabulangete ao a maanga, ena atayenda pa cishalo kuyambira m'bandakuca. Okwera pa mpikisano ndi anyamata opepuka thupi, ambiri a iwo abusa a ziweto, ndipo bwalo lace ndi dambo louma lopanda mpanda. Anthu amabecherana ndalama, ndipo masiku ano othamanga kwambiri amakhala akavalo a magazi osakaniza ndi Thoroughbred. Mpikisano ukatha dzuwa litapendeka, khamu lonselo limabwerera kwao kudzera m'njira za matanthwe, pamsana pa akavalo afupiafupi aja.